Henderson ndi North Field: Bwalo Lolimbirana ndi Bwalo Losiyidwa

Pa mabwalo a ndege ambirimbiri amene anamangidwa m'zilumba za nyanja ya Pacific pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, awiri ndi amene satha pakamwa pa olemba mbiri: Henderson Field, pachilumba cha Guadalcanal ku Solomon Islands, ndi North Field, pachilumba cha Tinian ku Northern Mariana Islands. Atalikirana ndi makilomita oposa 3,000. Onse awiri anawayamba ndi asilikali a Japan, onse awiri anawalanda ndi asilikali a America, ndipo onse awiri akadalipo. Amene anganene kuti nkhondo ya America ndi Japan inatembenukira pa bwalo loyambalo mu 1942 n'kukathera pa lachiwirilo mu 1945 sangalakwitse kwenikweni. Koma mlendo wofika pamalo awiriwa lero amapeza zinthu zitapendekeka. Bwalo limene anthu analifera miyandamiyanda ndi lomwe latsala ndi zochepa zoti n'kuloza ndi chala, pamene limene palibe anayesa kulilanda litamangidwa ndi lomwe lasunga pafupifupi maonekedwe ake onse.

Ku Guadalcanal kunalibe chimene chikanakopa mayiko akuluakulu. Chinali chilumba cha mapiri, nkhalango, minda ya kokonati ya makampani ndi udzudzu, pansi pa ulamuliro wa Britain monga analili Nyasaland nthawi imeneyo. Likulu la boma silinali pamenepo n'komwe. Linali pa kachilumba ka Tulagi, kutsidya kwa nyanja. Kumayambiriro kwa Julayi 1942 a Japan anatsitsa antchito oposa 2,000, akwawo ndi a ku Korea, pachigwa cha udzu pafupi ndi mtsinje wa Lunga, nayamba kusalaza. Ndege zonyamuka pamenepo zikanatha kusokoneza sitima zoyenda pakati pa America ndi Australia, ndipo a America anadziwa zimenezi. Pa 7 Ogasiti asilikali a gulu la Marines okwana pafupifupi 11,000 anatsika pagombe motsogozedwa ndi Alexander Vandegrift, ndipo mawa lake analowa pabwalopo popanda nkhondo yeniyeni. Omangawo anali atathawira m'nkhalango, n'kusiya mpunga, magalimoto, mafuta, majenereta ndi makina osalazira nthaka.

Katundu wosiyidwayo ndi amene anawapulumutsa. Usiku wa pa 8 kuchera pa 9 Ogasiti, a Japan anamiza sitima zankhondo zikuluzikulu zinayi, zitatu za America ndi imodzi ya Australia, pafupi ndi chilumba cha Savo, ndipo sitima zonyamula katundu zinachoka zisanamalize kutsitsa. A Marines anatsala okhaokha, n'kumadya kawiri patsiku, ndipo bwalo analimaliza ndi zida za mdani. Analitcha Henderson pokumbukira Lofton Henderson, woyendetsa ndege amene anafa pa nkhondo ya ku Midway miyezi iwiri m'mbuyomo. Pa 20 Ogasiti panatera ndege zankhondo zoyamba 31: za mtundu wa Wildcat 19 ndi za Dauntless 12.

Kulitcha bwalo la ndege kunali kulilemekeza. Unali msewu umodzi wa dothi ndi timiyala, wotalika kilomita imodzi ndi kamtunda pang'ono. Kukachita ng'amba fumbi lakuda linkalowa m'mainjini; mvula ikagwa ndege zinkatitimira m'matope. Mafuta ankawapopa ndi manja kuchokera m'migolo, mabomba ankawanyamula ndi manja pokawakoleka kumimba kwa ndege. Pambuyo pake anayala zitsulo zoboolaboola zolumikizana, zotchedwa Marston mat, kuti matayala azipeza pogwira. Gulu la omanga a asilikali apamadzi, lodziwika kuti Seabees, linaphunzira kuimika malole odzaza kale dothi ndi zitsulo zodula kale pambali pa msewu, kotero kuti bomba likakumba dzenje, ola lisanathe ndege zinkadutsanso pomwepo.

Chimene chinakweza mtengo wa kamsewu kameneka ndi mtunda ndi dzuwa. Likulu la a Japan m'chigawocho linali ku Rabaul, makilomita pafupifupi 1,000 kumpoto chakumadzulo. Malinga ndege zikunyamuka pa Henderson, sitima iliyonse ya Japan imene dzuwa laitulukira ili pafupi inali pangozi. Choncho a Japan ankabweretsa asilikali usiku pa sitima zaliwiro, zimene zinkatsitsa msangamsanga kuti pofika m'bandakucha zikhale zili kutali. Sitima zoterozo zinkanyamula anthu, koma mizinga ikuluikulu, akasinja ndi chakudya chokwanira sizinkakwanamo. Mu Novembala atayesa kutumiza sitima zazikulu zakatundu 11 nthawi imodzi, zinayi zokha ndi zimene zinafika kugombe, nazonso zinatenthedwa m'mawa womwewo. Masana nyanja inali ya America, usiku inali ya Japan, ndipo zinakhala choncho kwa miyezi itatu. Msilikali wa Japan amene anafa ndi njala m'nkhalango ya Guadalcanal anaphedwa ndi bwaloli, ngakhale kuti mwina sanalione ndi maso.

Katatu konse a Japan anayesa kulilanda kudzera pamtunda. Pa 21 Ogasiti gulu la Kiyonao Ichiki, la anthu pafupifupi 900, linathera pamchenga wa pamathiriro a kamtsinje kotchedwa Alligator Creek, kum'mawa kwa bwalo. Usiku umenewo a Marines analandira chenjezo kwa Jacob Vouza, mbadwa ya pachilumbapo amene anali atapuma pantchito ya upolisi. A Japan anamugwira, anamumangirira kumtengo, anamubaya ndi mipeni ya kumfuti atakana kuulula kanthu, n'kumusiya kuti afe. Iye anadula zingwe ndi mano n'kudzikoka mpaka kukafika kwa a America. Pakati pa Sepitembala nkhondo inali pa kamtunda ka udzu kumwera kwa bwalo, kamene kuyambira pamenepo kamatchedwa Bloody Ridge. Kumapeto kwa Okutobala anabweranso ndi chikhamu choposa kale, nalepheranso. Koma usiku umene opulumuka sankauiwala ndi wa pa 13 kuchera pa 14 Okutobala, pamene sitima ziwiri zikuluzikulu, Kongō ndi Haruna, zinaponya zipolopolo za mizinga zoposa 900, chilichonse cholemera kuposa theka la tani. Kutacha, ndege 48 mwa 90 zinali zitawonongeka, anthu 41 atafa, ndipo mafuta a ndege pafupifupi onse atapsa. Tsiku lomwelo ndege zina zinanyamukabe, pa kamsewu ka udzu kamene anali atalambula pambali.

Mu Febuluwale 1943 a Japan anachotsa asilikali awo otsala, oposa 10,000, ambiri atangotsala mafupa okhaokha. Anzawo pafupifupi 20,000, mwinanso kuposa, anatsala m'nthaka ya chilumbacho, ochuluka ataphedwa ndi njala, malungo ndi kamwazi. Mbali ya America ndi anzake inataya anthu pafupifupi 7,000, ambiri a iwo panyanja. M'mabuku ambiri eni nthaka amangowatchula modutsa, chikhalirecho ndi iwo amene anali azondi, olondolera njira ndi amtengatenga. Amuna zikwi zingapo, makamaka ochokera pachilumba cha Malaita, analembedwa mu Solomon Islands Labour Corps kuti azitsitsa katundu, kulambula misewu ndi kunyamula ovulala.

Tinian ndi nkhani ina. Ndi kachilumba kosalala, ka masikweya kilomita 101, kamene kanali m'manja mwa Japan kuyambira 1914. Kampani ya Nan'yō Kōhatsu inakasandutsa munda wa nzimbe, ndipo pofika 1944 panali anthu wamba pafupifupi 15,000, ambiri ochokera ku Okinawa ndi ku Korea. Kumpoto kwake, pa Ushi Point, a Japan anali ndi bwalo la ndege lomangidwa bwino, lokhala ndi maofesi a konkire, kumene kunali likulu la mkulu wankhondo Kakuji Kakuta. A America anatsika pa 24 Julayi 1944 pa timagombe tiwiri tating'ono kwambiri kumpoto chakumadzulo, kumene a Japan sankawayembekezera, ndipo pa 1 Ogasiti analengeza kuti chilumba chagwa. Mwa asilikali a Japan pafupifupi 8,000, amene anagwidwa amoyo anali mazana ochepa chabe. Anthu wamba zikwi zingapo anafanso, ena podziponya kumaphedi a kumwera.

Nkhondo ya masiku asanu ndi anayi itatha, kunabwera omanga. A Seabees pafupifupi 15,000 anagumula zitunda za miyala ya korali, kuiphwanya, kuithira, kuitsendera ndi kuipaka phula, usana ndi usiku. Bwalo lakale la a Japan linamezedwa ndi misewu ya ndege inayi yondondozana, uliwonse wotalika makilomita 2.6, yotchedwa Able, Baker, Charlie ndi Dog, pamodzi ndi malo oimikapo ndege za B-29 zoposa 260. Chakumwera anamanganso lina, West Field. Poona kuti chilumbacho chikufanana ndi Manhattan pamapu, anatcha misewu ya magalimoto mayina a ku New York, ndipo mpaka lero munthu wopita kumpoto kwa Tinian amayenda mu Broadway kapena mu 8th Avenue. Mu 1945 panali asilikali pafupifupi 40,000, ndipo North Field inali m'gulu la mabwalo aakulu ndi otanganidwa kwambiri padziko lonse. Chifukwa chake chinalinso mtunda: kuchokera pamenepo kukafika ku Tokyo ndi makilomita pafupifupi 2,400, mtunda umene B-29 inkatha kupita ndi mabomba n'kubwerako.

Henderson inali ngati chisakasa chomangidwa mvula ili mkati, cha zilizonse zimene zapezeka pafupi. North Field inajambulidwa kaye papepala, katundu wake anawerengedwa ndi kutumizidwa kuchokera kutsidya kwa nyanja, ndipo inamangidwa mdani ali kutali. Pakati pa mabwalo awiriwa pali zaka ziwiri zokha, koma zakazo n'zimene mafakitale a America anafika pachimake. Ngakhale mantha a oyendetsa ndege anali osiyana. Wa pa Henderson ankagona m'dzenje, akunjenjemera ndi malungo, akumvetsera mizinga ya kunyanja. Wa pa North Field ankagona bwinoko, kudya bwino, madzulo n'kukaonera kanema. Mantha ake anali pamsewu womwewo. B-29 inkanyamuka itadzazidwa mafuta ndi mabomba kuposa muyeso, mainjini ake ankatentha msanga, ndipo imodzi ikazima ndege isanakwere, onse khumi ndi mmodzi okhala m'katimo ankapsera kumapeto kwa msewu anzawo akuona.

Ntchito ya North Field inali kutentha ndi kutsamwitsa Japan. Ndege za pamenepo zinali m'gulu la zimene zinatentha Tokyo usiku wa pa 9 kuchera pa 10 Malichi 1945, pamene panafa anthu pafupifupi 100,000. Kuyambira kumapeto kwa mwezi womwewo zinkaponya mabomba otchera m'madoko ndi m'njira za sitima, ntchito imene eni ake anaitcha Operation Starvation, osabisa kuti cholinga chinali njala. Zimenezi sizikumbukiridwa kwambiri chifukwa cha zimene zinatsatira. Pa 26 Julayi sitima ya Indianapolis inatsitsa pa Tinian zigawo za bomba la atomiki. Patangopita masiku anayi inamizidwa, ndipo mwa anthu pafupifupi 1,200 anapulumuka 316. Bombalo, lolemera matani oposa anayi, silinkakwana kulilowetsa pansi pa ndege, choncho anakumba maenje a konkire: bomba ankalitsitsira m'dzenje, ndege n'kuikokera chafutambuyo pamwamba pake, jeke n'kulikweza kulowa m'mimba. Pa 6 Ogasiti, nthawi ili 2:45 usiku, Paul Tibbets ananyamutsa ndege ya Enola Gay pa msewu wa Able kulowera ku Hiroshima. Poopa ngozi zapamsewu zija, William Parsons anamalizira kutchera bombalo ali kale m'mwamba, kuti ndege ikagwa ponyamuka isafafanize theka la chilumba. Pa 9 Ogasiti ndege ya Bockscar, yoyendetsedwa ndi Charles Sweeney, inapeza mzinda wa Kokura utaphimbidwa ndi mitambo ndi utsi, n'kupitirira ku Nagasaki. Pofika kumapeto kwa chakacho, ku Hiroshima kunali kutafa anthu pafupifupi 140,000, ku Nagasaki pafupifupi 70,000.

Kusiyana kumene kumandilemera kwambiri kuli pamenepa. Amene anafa chifukwa cha Henderson anali makamaka asilikali, ndipo anafera pafupi, m'mitsinje, m'zitunda ndi m'nyanja zozungulira bwalolo. Opha ndi ophedwa ankamvana mawu usiku. Amene anafa chifukwa cha North Field anali makamaka anthu wamba, ndipo anafera kutali, maola asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri a ulendo wa pandege. Palibe mtembo wawo umodzi umene unaoneka pa Tinian. N'chifukwa chake nkhani ya Henderson imakambika mosavuta, mbali zonse ziwiri zikuvomerezana za kulimba mtima ndi masautso, pamene ya North Field imagawa anthu mpaka lero: ena amati mabombawo anafupikitsa nkhondo n'kupulumutsa miyoyo yambiri, ena amati Japan inali itagonja kale m'zonse kupatula pakamwa. Sindikuona kuti bwalo lina ndi loyera kuposa linzake. Popanda loyambalo lachiwirilo silikanamangidwa pa nthawi imene linamangidwa.

Nkhondo itatha, mabwalo onse awiri anasiyidwa. Chimene chinawalekanitsa ndi anthu okhala mozungulira.

Pa Tinian anthuwo anachotsedwa. Alimi a nzimbe opulumuka anabwezedwa ku Japan, Okinawa ndi Korea mu 1946, North Field inatsekedwa mu 1947, ndipo chilumba chinatsala pafupifupi chopanda munthu mpaka mu 1948, pamene kunabwera anthu mazana angapo a mtundu wa Chamorro kuchokera ku Yap. Iwowa anakhazikika chakumwera, kumene kuli mudzi wa San Jose. Lero pachilumba chonse pali anthu pafupifupi 2,000, ndipo West Field, imene inasanduka bwalo la ndege za anthu wamba, imawakwanira ndi kutsala. Kuwonjezera apo, magawo awiri mwa atatu a chilumbacho, kumpoto konse, anabwereketsedwa ku asilikali a America, kotero palibe angamangeko nyumba. Alimi amangodyetsako ng'ombe. Bwalo lalikulu chotero linasowa woligwiritsa ntchito, linasowanso woligumula. Amene analowamo ndi lukina, mtengo womwewu timaudziwa m'minda ndi m'makola kwathu kuno, umene akuti asilikali anaufesa kuti uteteze nthaka yopserera. Unamera m'ming'alu ya phula, unatseka njira zolumikiza misewu, n'kuphimba malo oimikapo ndege mpaka kumangooneka ngati timadontho pa zithunzi zojambulidwa m'mwamba.

Pansi pa thengolo zinthu zinakhala momwe anazisiyira. Msewu wa Able munthu ankatha kuuyenda pagalimoto kuchokera uku mpaka uko. Nyumba ya maofesi a Kakuta ikadaima, yansanjika, denga lake litabooka ndi mabomba, zitsulo za m'konkire zili lendelende. Pali zipinda zobisalamo mabomba za makoma ochindikala, nyumba yoyendetsera ndege za Japan, ndi nkhokwe yamafuta yokumbidwa m'thanthwe, m'mene migolo yopsa ikadali mbwee. N'zochititsa chidwi kuti nyumba zimene zatsala n'za ogonja: a Japan anamanga ndi konkire poganiza kuti akhalitsa, a America anamanga ndi malata, matabwa ndi matenti, zimene zinaphwasulidwa kapena kuola. Cha a America chimene chatsala ndi phula ndi maenje awiri aja. Maenjewo anakwiriridwa kwa zaka zambiri, pamwamba pake atabzalapo mitengo, mpaka mu 2004 pamene anafukulidwa n'kuvindikiridwa ndi magalasi, m'kati ataikamo zithunzi za tsiku limene ankakweza mabomba. Malowa analembedwa mu 1985 m'kaundula wa malo a mbiri a dziko la America. Alibe mpanda, alibe wolipiritsa pakhomo, ndipo masiku ambiri alibe mlendo.

Ku Guadalcanal anthu anachita kubwera. Tulagi inali itaphwasuka, pamene kufupi ndi Henderson a America anasiya misewu, madoko, milatho ndi nyumba zamalata zozungulira denga. Boma la atsamunda linaona kuti n'kwapafupi kusamukira pamenepo, ndipo Honiara, mzinda umene kunalibe nkhondo isanayambe, unakhala likulu mu 1952. Bwalo linatsegulidwanso mu 1969 kuti lizilandira ndege za anthu wamba. Linakuzidwa, kuthiridwa phula, kumangidwa mpanda, ndipo dziko litalandira ufulu mu 1978 linakhala khomo lake lalikulu. Dzina la boma ndi Honiara International Airport, ngakhale anthu amangoti ku Henderson. Ndalama zambiri zomangira nyumba zofikira apaulendo zinachokera ku boma la Japan, zimene zikutanthauza kuti a Japan anadzamaliza ndi thandizo ntchito imene anaiyamba ndi makasu mu 1942.

Wofuna bwalo la 1942 sangalipeze. Kukonza kulikonse kunafafaniza kena kake. Chatsala ndi nsanja yachitsulo yoongolera ndege ya nthawi ya nkhondo, yoima payokha pambali, ndi munda wa mitengo yobzalidwa pokumbukira akufa. Kamsewu ka ndege ka ku Kukum, kumene kunanyamuka ndege zimene zinapha mkulu wankhondo Isoroku Yamamoto pa 18 Epulo 1943, ndi bwalo la gofu tsopano. Pa Bloody Ridge, pamene boma linapalengeza kukhala malo otetezedwa mu 2017, munthu amaonabe maenje obisalamo ndi zidutswa za waya waminga m'udzu, koma nyumba za anthu zikukwera chitundacho chaka ndi chaka. Ziwiri mwa sitima zija zinafika kugombe mu Novembala 1942 zili m'madzi osaya ku Bonegi, kumene alendo amakasambira. Chipilala cha a America chili pa Skyline Ridge, cha a Japan pa phiri la Austen, aliyense pachitunda chake.

Koma kunena kuti ku Henderson kwatsala zochepa n'kuyang'ana malo olakwika. Zotsalazo zinamwazikira m'moyo wa anthu. Zitsulo zoboolaboola zija zinazulidwa n'kukhala mipanda ya nyumba, makola a nkhumba ndi timilatho todutsira ngalande. Chipatala chachikulu cha dzikolo anthu amachitchulabe kuti Namba 9, chifukwa chinachokera ku chipatala chachisanu ndi chinayi cha asilikali a America. Amuna amene anagwira ntchito ndi a America, n'kuona asilikali akuda atavala yunifolomu yofanana ndi azungu, anabwerera ku Malaita ndi mafunso, ndipo ena a iwo anayambitsa gulu la Maasina Ruru limene linasautsa atsamunda kwa zaka zingapo. Mzinda wonse wa Honiara, wa anthu oposa 100,000, ndi chotsala cha bwalo limenelo.

Chotsala china ndi cha m'nthaka. Pafupi ndi bwaloli pali Hell's Point, pamene panali nkhokwe yaikulu ya zida, ndipo apolisi odziwa zophulitsa mabomba akugwirabe ntchito pamenepo. Mu Sepitembala 2020 akatswiri awiri a bungwe la Norwegian People's Aid, wina wa ku Britain wina wa ku Australia, anafa bomba lakale litawaphulikira mu Honiara. Mu Meyi 2021 chipolopolo cha mzinga chokwiririka chinaphulika pansi pa moto umene achinyamata ankaphikirapo, n'kupha anthu. Mu Ogasiti 2024 okumba dzenje pasukulu ina mumzindawo anapeza zipolopolo zoposa 200. Ku Tinian nakonso mabomba alipo m'thengo, koma kumeneko palibe amene amakolezapo moto kapena kukumbapo maziko tsiku ndi tsiku.

Ngakhale mkangano umene unagwedeza Solomon Islands kuyambira 1998 mpaka 2003 uli ndi muzu womwewo. Likulu litabwera ku Guadalcanal, anthu a ku Malaita anakhamukirako kufuna ntchito, n'kukhazikika pamalo amene eni ake sanaiwale kuti ndi awo. Zitavuta, anthu pafupifupi 20,000 anathamangitsidwa, ndipo mu 2000 magulu awiri okhala ndi zida anayang'anizana pa Alligator Creek pomwe paja, ena atanyamula mfuti zopanga okha zothira zipolopolo zofukula za nkhondo ya 1942. Asilikali ndi apolisi otsogozedwa ndi Australia atabwera kudzakhazikitsa bata pa 24 Julayi 2003, anatera pa Henderson.

Wofuna kuona kukula kwa makina a nkhondo, kuyeza ndi mapazi ake kutalika kwa msewu umene Enola Gay inathamangapo, apite ku Tinian. Kulibe malo ena m'Pacific amene angamuonetse zimenezo momveka chotero. Wofuna kumvetsa zimene nkhondo imachita kwa malo ndi anthu ake kwa zaka makumi asanu ndi atatu apite ku Honiara, ngakhale kuti adzafunika womulozera, poti zambiri sizioneka ngati zakale. Ine ndimaona kuti Honiara ndi imene ili ndi zambiri zoti n'kuphunzira, koma ndikuvomereza kuti kusungika kwa North Field n'chinthu chosowa, ndipo sikunabwere chifukwa cha chisamaliro cha munthu. Kunabwera chifukwa kunalibe woifuna.

Tsopano woifuna wapezeka. Mu 2012 ndege yonyamula katundu ya a Marines inatera pa msewu wa Baker, koyamba pa msewuwo chitsekereni bwaloli. Kumapeto kwa 2023 Kenneth Wilsbach, amene anali mkulu wa ndege zankhondo za America m'chigawo cha Pacific, ananena poyera kuti North Field ilambulidwa, ndipo zithunzi za masetilaiti za m'zaka zotsatira zikuonetsa lukina atagwetsedwa, misewu ndi malo oimikapo ndege zitatulukanso. Chifukwa chake ndi China: akuluakulu ankhondo safuna kuti ndege zawo zonse zikhale pa bwalo limodzi la Andersen ku Guam, makilomita pafupifupi 200 kumwera, pamene mizinga youluka kutali ingazipeze pamodzi. Ku Solomon Islands nako mpikisano womwewo wafika mwa njira ina: boma linasainirana pangano la chitetezo ndi China mu 2022, ndipo America inatsegulanso ofesi ya kazembe wake ku Honiara mu 2023, patatha zaka 30 itatsekedwa.

Anthu a ku Tinian agawanika. Ena akuyembekezera ntchito ndi malonda pachilumba chimene achinyamata ake amachoka akangomaliza sukulu. Ena, amene mu 2015 anakana mwamphamvu ganizo losandutsa kumpoto kwa chilumbacho malo oyeserera mizinga, akufunsa za madzi a pansi pa nthaka, za msipu wa ng'ombe zawo, za njira yopita kumagombe kumene amawedza, ndiponso ngati mlendo adzaloledwabe kufika pa maenje awiri aja ndege zankhondo zikadzayamba kutera pafupi nawo.